Tsiku limene ndinakana kuchenjeza amalume

Pakamwa panga pandichotsapo kale malo awiri. Sukulu ndinasiyira Sitandade 3 chifukwa ndinayankha aphunzitsi atandikwapula pa mlandu wa mwana wina. Kusitolo ina ndinagwira miyezi iwiri yokha, ndipo za kumeneko tisazikumbe. Sabata ino pakamwa pomwepa panatsala pang'ono kundichotsa malo achitatu. Koma ulendo uno sindinatukwane munthu poyamba. Ndinayamba ndi chifundo.

Kwa inu amene simundidziwa, ndimayenda ndi bayisikopo ya a Mtonga. A Mtonga anakhala zaka zambiri kumigodi, ndipo pobwerera kwawo anabwera ndi lole yokalamba, injini, makina oonetsera zithunzi ndi nsalu yoyera. Iwo amayendetsa makina. Ine ndimaima pambali pa nsalu n'kumauza anthu zimene azungu a pansalupo akunena. Chizungu changa n'chochepa, sindibisa. Koma mawu ndili nawo aakulu, ndipo pamene sindinamve ndimayang'ana nkhope ya munthu n'kumuikira mawu oyenera nkhopeyo. Palibe mzungu wa pansalu anadandaulapo.

Kuno kuchigwa cha Luangwa sitionetsa usiku monga achitira kutauni. Ndani angalole mkazi wake kuyenda mumdima pa njira imene njovu zimadutsa popita kumadzi? Timaonetsa masana, m'chipinda cha sukulu ana ataweruka, mazenera titatseka ndi mphasa ndi masaka. Mdima timachita kupanga tokha. Dzuwa likamapendeka aliyense amakhala ali kale pa njira ya kwawo.

Masiku onse timaonetsa za anyamata okwera akavalo amene amangowomberana mfuti. Zimenezo n'zosavuta. Wa chipewa choyera akuti choka, wa chipewa chakuda akuti sindichoka, basi. Koma mwezi uno a Mtonga analandira chithunzi cha mtundu wina, choopsa. Tinayamba taonera awiriwiri kuti ndiidziwe nkhani.

Nkhani yake ndi iyi. Mayi wina wamasiye akukhala yekha m'chinyumba chachikulu chosanja. Akumva chinthu chikukanda kumwamba. Atenga nyali, akwera makwerero, apeza zitseko ziwiri. Kuseri kwa choyamba kuli mphaka. Kuseri kwa chachiwiri kuli chinthucho, cha nkhope yoyera ngati yoviika mu ufa, zala zitalizitali.

Mwaona? Inunso ndakuuzani kale. Ndi matenda anga amenewa.

Lachiwiri tinali ku Kambombo. Chipinda chinadzaza, ena anakhala pansi, ana pamiyendo. Mayi uja atatenga nyali n'kuyamba kukwera, ndinamva anthu asiya kutafuna. Ndinayang'ana kutsogolo ndipo ndinaona mzimayi wina wapakati atagwira benchi ndi manja onse awiri. Mtima wanga sunalole.

"Amayi, musaope chitseko ichi," ndinatero. "Muli mphaka chabe. Choopsa chili pa chitseko chachiwiri, ndipo nthawi ikakwana ndikuuzani."

"Zikomo, mwanangu," anayankha wina kumbuyo.

Mphaka atadumpha, anthu anati ndi uyo mphaka uja. Pa chitseko chachiwiri ndinawauza kuti manje ndi pano, yang'anani kumanzere. Chinthucho chinatuluka kumanzere ndithu, monga ndinanenera. Mdala wina amene ankasenda nzimbe ndi mano anachiyang'ana bwinobwino.

"Ndi chimenechi? Akudwala uyu. Mpatseni phala."

Chipinda chonse chinaseka mpaka chithunzi kutha. Ine ndinati ntchito ndagwira, palibe wakomoka, palibe mwana walira.

Titapinda nsalu, a Mtonga anandiitana.

"Iwe Yotamu, ndinakulemba ntchito yomasulira kapena yolosera?"

"Ndalakwa chiyani?"

"Wandiphera chithunzi. Anthu anabwera kudzaopa, iwe wawatumiza kwawo akuseka."

"Ndiye mumafuna mzimayi wapakati uja agwe pa benchi, ine ndili chete, chinthu ndikuchidziwa?"

"Sakadagwa. Akadagwira mnzake."

"Ndinu munthu inu?"

Magazi anali atakwera kale. Ndinaponya chingwe pansi, ndinanena za lole yawo, za injini yawo, ndi zina zimene sizilembeka. Iwo anangoima n'kumapukuta galasi la makina. Ndiwo mkhalidwe wawo, ndipo umandipsetsa mtima kuposa munthu wobweza.

"Watha?" anatero. "Lachinayi tili ku Chikwa. Ukakatsogolanso chithunzi ndi liwu limodzi lokha, lole ibwerera ndi ine ndekha. Anyamata odziwa yesi ndi no ndi ambiri."

Ku Chikwa ndi kwawo kwa amayi anga. Kukachotsedwa ntchito kumeneko, pamaso pa abale, ndi chinthu chimene sindinafune ngakhale kuchiganiza. Iyi ndi ntchito yoyamba imene ndakhalitsapo, ndiponso yoyamba imene ndimaikonda.

Inu a kutauni mwina mukuti mnyamatayu ndi wopusa, ndani sadziwa kuti nkhani suiyamba ndi kumapeto? Dikirani ndikuuzeni mmene tinakulira ife.

Kuno ukaona ndowe ya njovu ikufuka nthunzi pa njira, supitirira chete. Umathyola nthambi yaiwisi n'kuigoneka pakati pa njira kuti wobwera pambuyo adziwe. Ukakumana ndi munthu, usanamufunse za kunyumba umayamba wamuuza zimene wasiya kumbuyo. Mwana wa zaka zisanu amadziwa zimenezi. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kwa ife si mwambi wokometsera nkhani. Ndi lamulo limene limasunga anthu amoyo.

Amalume anga, a Goma, amene kwathu timawaitana asibweni, amayenda ndi ndodo. Njati inawathyola mwendo ali mnyamata. Munthu wina anaiona m'mawa womwewo itabisala m'bango, yovulala, ndipo anapita kwawo osauza aliyense. Munthuyo sanamenyedwe. Anangoona kuti pa mowa samuitana, pa ntchito yolimira pamodzi samuitana, mwana wake akadwala palibe wobwera kudzazonda. Patapita zaka ziwiri anasamuka yekha.

Ndiye munthu wokulira m'manja mwa a Goma mumuuze kuti dziwa choopsa koma khala chete. Mukuona ngati n'chapafupi?

Lachitatu tinali pa ulendo, ndipo lole itatentha tinaima pansi pa mtengo kuti izizire. Mtima unali utatsika pang'ono. Ndinawafunsa a Mtonga kuti chinsinsi cha zithunzi zimenezi n'chiyani, popeza chilombocho ndi munthu wopaka ufa chabe.

"Chinaoneka kangati?" anandifunsa.

Ndinawerenga ndi zala. Katatu kokha, ndipo nthawi zonse kanthawi kophethira diso.

"Nanga nthawi ina yonseyo anthu amaonera chiyani?"

"Mayi akuyenda ndi nyali."

"Ndiye chithunzi chake chimenecho. Chilombo ndi fupa chabe. Nyama ndi kuyenda kuja."

Ndakhala ndikuziganizira, ndipo ndaona kuti anthu opanga zithunziwa ndi akatswiri a kuchedwetsa. Makwerero aja, ine ndingawakwere ndi mpweya umodzi. Mayi uja amawakwera ngati akuwerenga thabwa lililonse. Akuonetsani phazi lake. Akuonetsani dzanja litagwira nyali. Akuonetsani chitseko, chotseguka pang'ono chabe, kampata kokwana zala ziwiri. Akadachitseka chonse bwenzi palibe chovuta. Akadachitsegula chonse bwenzi mwaona n'kuthana nazo. Koma amakusiyirani kampata, ndipo m'kampatamo mumaikamo zanu. Wina aikamo mfiti ya kwawo, wina aikamo malemu apongozi ake. Chilombo chimene chimakuopsani mumabwera nacho nokha kuchokera kunyumba.

Ndiye pali nyimbo. Imayamba pansipansi ngati njuchi zili kutali, n'kumakwera, n'kumakwera. Munthu umati ikafika pamwamba ndiye kuti chafika. Koma iwo amaidula. Zii. Pamenepo m'pamene tsitsi limaima.

Zimenezi ndinazizindikira msanga, chifukwa kuthengo ndi chimodzimodzi. Njovu imene waiona patali pa dambo siopsa. Umaiwerengera mphepo, umailambalala, umapita. Choopsa ndi pamene uli m'zitsamba zowirira, mbalame zinali kulira ndipo zasiya zonse pamodzi, kenako kanthambi kathyoka penapake, osadziwa kuti ndi kutsogolo kapena kumbuyo. Sunaone kanthu, koma waima pomwepo. Azungu aja sanafikepo ku Luangwa, koma chete ameneyu amamudziwa.

Nkhanza zawo zina ndi izi. Nthawi zina amakuonetsani inu chimene mayi uja sakuchiona. Mthunzi wadutsa kumbuyo kwake, iye akukonza nyali. Inu mwaona, iye sanaone, ndipo simungamuuze. Kwa munthu wa kuchigwa palibe chilango choposa chimenechi.

Nanga mphaka uja? Poyamba ndinkati anangomuikamo kuti chithunzi chitalike. Ayi. Mphaka ndi msampha. Amakukokani mpaka mtima ufike pakhosi, n'kukupatsani mphaka. Mumaseka, mumamasula mapewa, mumatembenuka kuti munyoze mnzanu amene anakuwa. Chenicheni chimabwera pamene mano ali panja.

Pansi pa mtengo paja ndinawauza a Mtonga kuti opanga zithunziwa ndi oipa mtima koma ndi ochenjera.

"Ee," anatero. "Thira madzi mu injini tizipita."

Lachinayi linafika. Ku Chikwa anthu anali atamva kuti kukubwera chithunzi cha chiwanda, ndipo mbiri ya ku Kambombo yakuti ndi munthu wodwala chabe inali isanawapeze. Ndikupachika nsalu ndinamva ndodo ikugogoda pansi. Amalume analowa, anthu anawapatsa malo pa benchi yakutsogolo, pafupi penipeni ndi pamene ndimaima. Ndikadatambasula dzanja ndikadawagwira bondo.

"Mphwanga, ati ndiwe umalankhulira azungu."

"Ndine, asibweni."

"Tione ngati amakumvera."

Tinatseka mazenera, injini inalira panja, chithunzi chinayamba. Ndinamasulira zokhazo zimene zanenedwa. Mayi akuti wamva chinthu. Wantchito akuti ndi mphepo. Mayi akuti si mphepo. Palibe chimene ndinaonjezera. Kumbuyo, pambali pa kuwala kwa makina, ndinkaona mutu wa a Mtonga uli njo kuyang'ana ine.

Mthunzi utadutsa kumbuyo kwa mayi uja, chipinda chonse chinayamba kumuchenjeza.

"Cheuka, iwe."

"Chili kumbuyo kwako, mama."

"Ameneyu ndi gonthi kodi?"

Mayi sanacheuke. Anatenga nyali. Anayamba kukwera. Nyimbo inakwera naye limodzi, kenako inaduka. M'chipindamo munatsala phokoso la makina lokha, ndi thukuta.

Pamenepo amalume anandikodola ndi ndodo pa mwendo. Sanakweze mawu, koma m'chete muja aliyense anamva.

"Mphwanga, iwe unaona kale. Muli chiyani umo?"

Ndinayang'ana nsalu.

"Ndikufunsa iwe, Yotamu."

"Muuzeni mdalayo," anatero mzimayi wina. "Mwana wanji wosayankha asibweni ake?"

Anzanga, ndakanganapo ndi anthu ambiri, koma sindinamvepo kutentha ngati kumeneko. Ku mbali iyi munthu amene anandiphunzitsa kugoneka nthambi pa njira. Ku mbali iyo lole yobwerera popanda ine. Kunama kuti sindikudziwa sindikadatha, chifukwa amalume amanunkhiza bodza ngati galu wa uzimba. Lilime linali litanyamula kale mawu akuti mphaka. Ndinaliluma.

"Ndikudziwa, asibweni," ndinatero. "Koma sindinena."

Sindinaganize kuti mawu amenewa achita chiyani. Ndinangonena zoona. Koma chipinda chinazizira ngati wina watsegula manda. Ngati mwana wa mlongo wawo akukana kuuza a Goma, ndiye kuti chimene chili umo sichinenedwa n'komwe. Ndinamva mabenchi akulira, anthu akusunthirana pafupi. Mwamuna wina wamkulu, amene ndimamudziwa kuti anaphapo ng'ona ndi mkondo, anavula chipewa n'kuphimba nacho kumaso, n'kusiya diso limodzi.

Mayi anakankha chitseko choyamba. Mphaka anadumpha.

Kukuwa kwake, kenako kuseka kwake. Amalume anaseka mpaka kutsokomola.

"Chona chabe. Wandibisira chona, chitsiru iwe?"

Anali atangotembenukira kwa anzawo kuti awaonetse chitsiru cha mphwawo pamene chitseko chachiwiri chinatseguka chokha.

Sindinaone bwino zonse. Benchi yachitatu inagwa chagada ndi anthu ake onse. Wa ng'ona uja ndinamupeza pakhomo akulimbana ndi mphasa. Ndodo ya amalume inandidutsa pa khutu n'kukamenya chilombo pamphumi penipeni, nsalu n'kugwedezeka, nkhope yoyera ija n'kumavina. Kwa munthu wa mwendo umodzi wabwino, anaimirira msanga kuposa tonse.

Palibe anavulala. Titatsegula mazenera, dzuwa linali likadali pamwamba, nkhuku zikupalasa panja ngati palibe chachitika. Anthu anatuluka akuphethira, akugwirana mapewa, aliyense akunena kuti amene anakuwa ndi mnzake. Sindinaonepo anthu okondwa chotero potuluka mu bayisikopo. A ku Kambombo anaseka chithunzi. A ku Chikwa ankadziseka okha, ndipo kuseka kumeneko n'kokoma kuposa.

A Mtonga anabwera akupukuta manja. Anayang'ana kabowo kamene ndodo inasiya pa nsalu.

"Mawu aja unawatenga kuti?"

"Ati?"

"Akuti ndikudziwa koma sindinena. Uziwanena paliponse. Pamalo pomwe paja, nyimbo ikangoduka."

"Popanda wondifunsa?"

"Wofunsa sadzasowa. Nsaluyi usoke usanakweze."

Ndiye kuti ntchito ilipo. A Mtonga sayamika kuposa pamenepo.

Otsala anali amalume. Ndinawapeza atakhala pa chitsa kuseri kwa sukulu, ndodo ili pamiyendo. Ndinagwada pambali monga mwa mwambo, ndikudikira. Anandisiya ndidikire ndithu.

"Unandikana pamaso pa anthu," anatero.

"Ndinakukanani, asibweni."

"Pansalu ndakulekerera, chifukwa cha pansalu sichiluma. Koma tsiku limene udzachite zimenezi pa njira, usadzabwere pa maliro anga."

"Ndamva."

Anakumbakumba pansi ndi ndodo.

"Mawa muonetsanso?"

"Tionetsanso, tisanapite ku Chifunda."

"Ndibwera ndi a Nyazimba." Amenewo ndi akazi awo. Anandiyang'ana ndi diso la m'mbali. "Ukawatsina khutu za chitseko chachiwiri, ndikuthyola mwendo ufanane ndi wangawu."

Ndipo anabwera nawodi. Anawakhazika pa benchi yakutsogolo, iwo n'kukhala pambali, osayang'ana nsalu ngakhale pang'ono. Nthawi yonse ankayang'ana nkhope ya akazi awo, mapewa akugwedezeka.

Ndiye ndaphunzira kuti mantha ali mitundu iwiri. Alipo amene munthu amawafuna yekha, amayenda mtunda kukawapeza, atakhala pakati pa abale, akudziwa kuti mphasa zikachoka pa zenera kunja kuli dzuwa. Amenewo ndi ngati tsabola. Kumulanda munthu mantha otero ndi kumulanda chakudya pakamwa, ndipo ine ndinawalanda a ku Kambombo. Ndidzawapepesa ndi chithunzi china.

Koma alipo ena amene munthu sanawapemphe. Ndipo chimene chikundidetsa nkhawa pang'ono, pamene ndikusoka nsalu ya a Mtonga, n'chakuti ena mwa ife tayamba kusokoneza mitundu iwiriyi.

Taonani amene amabwera kuchokera kumigodi. Amafika ndi jekete, njinga yonyezimira, nsapato zolira. Anyamata amawazungulira. Amamva za magetsi, za madansi, za buledi wa tsiku ndi tsiku. Za miyezi yogona pa khonde la mnzako ukusaka ntchito samva. Za chitupa chimene ukachitaya umagona m'chitolokosi samva. Za chifuwa chimene ena amabwera nacho m'jekete momwemo samva. Wodziwayo amangomwetulira n'kunena kuti ukaona wekha. Ndi mawu anga omwe aja, kungoti kumeneko kulibe wochotsa mphasa pa zenera.

Sindikuti anyamata asapite. Inenso mwina ndidzapita, a Mtonga akadzatopa nane. Koma ndikadzapita ndikufuna ndidzapite ngati munthu wouzidwa.

Inu amene munapitako, mng'ono wanu wayamba kale kumanga kamtolo kake. Mwamukhazika pansi n'kumuuza zonse, kapena mwakhala pambali kuti muone mmene adzadumphire?